Khutu silipima mamilimita

Amene tinakulira ku Palabana tidziwa phokoso la chigayo cha dizilo. Limayamba m'mawa, azimayi atafola kale ndi matumba a chimanga. Mu 2024, pamene chilala chinatsitsa madzi ku Kariba ndipo malaiti anali kupita maola ambiri tsiku lililonse, phokoso limeneli ndilo linali kutidyetsa nsima. Tsiku lina chigayo cha pafupi ndi kwathu chinayamba kulira kuti tye-tye-tye pamwamba pa injini. Mwini wake anaitana mnyamata mnzathu, makanika wodziwika bwino m'dera. Iye anatsegula chivundikiro, namanga matapeti injini ikali yotentha, akumvetsera ndi khutu mpaka phokoso litatha. Tonse tinamuombera m'manja. Patapita masabata ochepa injini inakana kuliza. Atachotsa hedi, vavu ya utsi inali itadyeka m'mphepete monga chimanga chimene chalowa anankafumbwe. Anthu anayamba kunyamula matumba pa njinga kukagayitsa kutali.

Mnzathuyo si waulesi ndipo si wakuba. Anachita chimene ambiri a ife tinaphunzira pansi pa mtengo wa mango, kuti injini yabwino ndi injini yachete. Chiphunzitso chimenechi chikutidyera ndalama, ndipo tifuna kukamba poyera kuti nchito ya maroka ndi mavavu ndi ya kupima. Khutu lithandiza kupeza pamene pali vuto, koma mamilimita silingawadziwe.

Roka ndi kachitsulo kooneka monga katungwe wa thabwa amene ana amakhalapo uku ndi uku. Mbali imodzi imakankhidwa ndi kamshafti, mwachindunji kapena kudzera pa kandodo kamene amakanika amati pushirodi. Mbali inayo imadinda mutu wa vavu kuti itseguke. Popeza pokhalira pake sipali pakati penipeni, roka imachulukitsa kayendedwe: ngati ndi ya 1.5, kamu ikakankha mamilimita 7, vavu imatsika mamilimita 10.5. Vavu iliyonse imatseguka kamodzi injini ikazungulira kawiri. Injini ya chigayo yozungulira ka 2,200 pa mphindi imadinda vavu iliyonse ka 1,100 pa mphindi, kutanthauza ka 528,000 pa maola 8 a nchito. Kulakwitsa kwakung'ono kumabwerezedwa kochuluka chotero dzuwa lisanalowe.

Pali zinthu ziwiri zoyenera kupima, ndipo ambiri timangodziwako chimodzi.

Choyamba ndi mpata wa pakati pa roka ndi vavu. Chitsulo chikatentha chimatalika, ndiye opanga injini amasiya kampata kuti vavu izitsekeka bwino ngakhale itatentha. Injini ya Perkins 4.236 imene ili m'mathirakitala ambiri a Massey Ferguson imafuna mamilimita 0.30 itazizira. Kainjini ka Honda GX160 kamene timapopera madzi m'madimba kamafuna 0.15 ku vavu yolowetsa mpweya ndi 0.20 ku ya utsi. Njinga yamoto ya CG125 imafuna 0.08, kuonda kwake pafupifupi tsitsi limodzi. Pepala la m'kope ndi pafupifupi 0.1. Manje taganizani za makanika amene amapima ndi chidutswa cha sowo yodulira zitsulo, chimene chimaposa theka la milimita. Mpata ukakula, injini imachita phokoso ndipo vavu sitseguka mokwanira. Ukachepa, phokoso limatha, koma vavu sikhazikika pa mpando wake. Vavu ya utsi imazizira pokhudza mpandowo; ikalephera kukhudza, moto umadutsa m'mbali ndi kuidya. Ndi zimene zinachitikira chigayo chathu.

Chachiwiri ndi kakhalidwe ka roka, ndipo apa ndi pamene ngakhale amakanika abwino amadumpha. Vavu imayenda mowongoka, kutsika ndi kukwera. Nsonga ya roka imayenda mokhota, chifukwa ikuzungulira pa pokhalira pake. Chotero podinda, nsongayo imatsetsereka pang'ono pamutu pa vavu. Roka ikakhala pa msinkhu woyenera, kutsetsereka kumeneku kumakhala kochepa ndipo kumachitikira chapakati pa mutu. Vavu ikatseguka theka, roka imakhala itapingasa bwino pa tsinde la vavu. Ikakwera kapena kutsika kopitirira, imakankhira vavu cham'mbali. Gaidi, kapaipi kamene vavu imayendamo, kamadyeka mbali imodzi. Kenako oilo amalowa, utsi wabuluu umatuluka, mphamvu imachepa, ndipo timanamizira maring'i.

Chimene chimasokoneza msinkhu umenewu nthawi zambiri ndi ife tomwe. Hedi ikapindika ndi kutentha timaipereka kukasikima, ndipo imabwera yofupikirapo, zimene zimachititsa pushirodi kukhala ngati yatalika. Tikapala mipando, vavu imalowa mkati ndipo mutu wake umakwera. Tikagula vavu ya injini ina chifukwa choti ikufanana, kapena kamu yopalidwanso kuti motoka izithamanga, zonse zasuntha. Tikatha apo timazungulitsa kabauti mpaka fila geji italowa, ndi kunena kuti nchito yatha. Mpata uli bwino, koma roka yapendekeka.

Kuona ngati yapendekeka sikufuna makina a ndalama zambiri. Pakani maka yakuda pamutu pa vavu. Bwezerani roka, ikani mpata woyenera, zungulitsani injini ndi dzanja kawiri kapena kanayi, ndipo chotsaninso roka. Pamene inki yafufutika ndi pamene roka ikuyenda. Kamzere koonda chapakati ndi kabwino. Mzere wotakata, kapena wothamangira m'mphepete, ukutanthauza kuti muime. Mankhwala ake angakhale timashimu pansi pa mizati ya shafti ya maroka, pushirodi ya utali wina, kapena kubweza vavu imene si ya injiniyo. Mtengo wa mayeso onsewa ndi maka imodzi ndi ola limodzi.

Anyamata a m'tauni angaganize kuti izi ndi za kumunda chabe. Tiyeni tikambe za motoka imene timaikonda. Masewera ozungulitsa motoka mpaka matayala atatulutsa utsi anachokera m'makomboni a ku South Africa, ndipo mfumu yake ndi BMW 325i ya E30, imene kumeneko amaitcha gusheshe. Injini yake, M20, ili ndi kamshafti imodzi pamwamba ndi maroka 12 a aluminiyamu, ndipo mpata wake ndi 0.25 itazizira. Onse amene amaisewera adziwa kuti ikakokedwa kopitirira, chimene chimakonda kuthyoka ndi roka. Pa 6,000 vavu iliyonse imadindidwa ka 50 pa sekondi imodzi. Koma onani kumene ndalama zathu zimapita: paipi ya utsi yaphokoso, marimu, zomata pa galasi. Chivundikiro cha mavavu chimatsegulidwa roka itathyoka kale. Zambia ndi dziko la Satwant Singh, amene anapambana mpikisano wa rale wa Africa yonse ka 8. Palibe amene amamaliza mpikisano wotero ndi injini yokonzedwa mongoganizira.

Tidziwa zimene ena adzayankha. Adzati madala athu akhala akukonza injini zaka zambiri opanda buku, ndipo mathirakitala akali kulima. Ndi zoona, ndipo sitiwanyoza. Koma muwayang'anitsitse madala amene injini zawo zimakhalitsa. Amadikira injini izizire. Amazungulitsa mpaka pisitoni itafika pamwamba mavavu onse awiri atatseka. M'thumba la ovololo ali ndi fila geji yakale imene manambala ake anafufutika, koma chala chawo chidziwa tsamba lililonse. Ife tinatengera kupendeketsa mutu ndi kumvetsera, tinasiya kupima kumene kunaphunzitsa khutulo.

Ena adzati kasitomala safuna kudikira ndipo salipira ola limene saona chimene chasinthidwa. Apa mlandu ndi wathu eni mamotoka, manjinga ndi zigayo. Timafika pa garaji injini ikutentha, tifuna kunyamuka pa mphindi 20, ndipo makanika akati bwerani mawa m'mawa itazizira timapita kwa wina. Timalipira mosavuta chitsulo chatsopano chimene tachigwira m'manja, koma timakangana pa mtengo wa kupima kumene kukanapulumutsa chitsulocho. Wa njinga yamoto wonyamula anthu amene wakana kuima m'mawa umodzi adzaima sabata yonse kufunafuna hedi m'mashopu a m'tauni.

Chodabwitsa n'chakuti ku Palabana nzeru imeneyi si yachilendo. Kupatula sukulu ya ulimi wa ng'ombe za mkaka, dera lino lidziwika ndi nchito yophunzitsa kulima ndi ng'ombe, mpaka chida china chong'ambira nthaka yolimba chinatenga dzina la Palabana. Mlimi aliyense wogwira pulawo adziwa kuti ukasuntha tcheni bowo limodzi, kapena kuitalikitsa pang'ono, khasu limalowa mozama kapena limayandama, ndipo ng'ombe zimatopa msanga. Sakwapula ng'ombe, amakonza pokokera. Roka ndi chimodzimodzi. Agogo athu anali kudziwa kale kuti pamene chitsulo chakhalira ndi pamene pamalamula nchito yake.

Chimene tipempha n'chochepa. Mnyamata aliyense wophunzira umakanika, kaya pa koleji ya pansi pa TEVETA kaya pa garaji ya amalume ku Bauleni, akhale ndi fila geji yakeyake asanagule sipanala yachiwiri. Nambala ya mpata aifufuze pa foni, pakuti mabuku a injini zambiri ali pa intaneti, ndipo ailembe ndi penti mkati mwa boneti kapena pa khoma la chigayo. Hedi iliyonse yobwera kuchokera kosikima ipakidwe maka isanatsekedwe. Ndipo ife makasitomala tizifunsa funso limodzi: mwaika zingati? Makanika wodziwa nchito adzayankha ndi nambala.

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Chigayo chathu chinabwerera pa nchito ndi vavu yatsopano, ndipo mnzathu uja ndiye anaimanga, m'mawa injini ili yozizira, fila geji ili m'manja. Manje chimalira kaphokoso kakang'ono ka tiki-tiki pamwamba. Wina akadandaula kuti sichinakonzedwe bwino, mwini wake amangomuonetsa nambala imene inalembedwa pa khoma.