Nangula sagwira bwato payekha

Mwera ukayamba kuwomba mu May mpaka August, nyanja ya kumunsi kwa Mtakataka ndi Golomoti siseka ndi munthu. Asodzi ambiri amakhulupirira kuti mwala kapena chitsulo chikakhala cholemera ndiye kuti bwato lili pabwino. Koma nthawi zambiri bwato limatengedwa nangula ali phee pansi, chingwe ndicho chaduka.

Nyanja ino inaonapo zombo zamatanga, monga za Jumbe wa ku Nkhotakota kuyambira m'ma 1840. Pa zombo zotere kulibe injini yothawira mkuntho, moyo wonse umatsamira pa chingwe. Ndiye tione mmene amalinyero a zombo zazikulu za ku Ulaya ankachitira unyolo usanafale kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800.

Chingwe chawo chinali chopota ndi luzi, chotalika pafupifupi mamita 220, ndipo pa zombo zankhondo zikuluzikulu chinkanenepa ngati ntchafu ya munthu wamkulu. Ankasamala malo atatu. Poyamba, mphete ya nangula ankaikulunga ndi tizingwe topaka phula kuti chitsulo chisadye mfundo. Kachiwiri, pabowo lotulukira chingwe kutsogolo kwa chombo ankachifunditsa zingwe zakale kapena nsalu yokhuthala, poti mpamene chimakhuzika mafunde akamakoka. Kachitatu, mkati ankachizengeza pa nsanamira ziwiri zolumikizidwa ku mafupa a chombo, ndipo nsonga yake ankaimanga pansi mkatimo kuti chisathawire chonse m'madzi.

Panalinso nzeru ina: ankataya chingwe chotalika katatu kapena kuposa kuya kwa madzi. Chingwe chachifupi chimazula nangula ngati chinangwa, pomwe chachitali chimamukoka chogona, iye n'kumaluma mchenga.

Lero tili ndi nayiloni, koma nayenso amafumbwa ndi dzuwa ndipo amadyeka pamphuno pa bwato. Inu eni mabwato, musanakankhire m'madzi yendetsani chingwe m'manja kuchokera kumfundo mpaka kunsonga. Pokhuzika paja vekanipo chidutswa cha paipi kapena chisanza. Mangani pa mtanda wolimba, osati pa thabwa lokhalira lomwe lagwidwa ndi misomali iwiri. Makomiti a asodzi m'madoko, poyang'ana maso a maukonde, aziyang'ananso zingwe.

Chingwe chatsopano n'chotsika mtengo kuposa bwato, ndipo anyamata amene mwawatuma usiku ali ndi owadikira kumtunda.