Dziko lisanatuluke m'bungwe, a m'malire afunsidwe

Ku Ntengo-Wambalame malire tili nawo pakhomo. Mbatata ya kachewere, nyemba ndi kabichi za m'minda ya Tsangano zimakagulitsidwa ku Biriwiri ndi ku Lizulu. M'thumba mwa mlimi mumakhala metikali ndi kwacha. Ambiri tili ndi abale ku Malawi. N'chifukwa chake nkhani ya mabungwe a mayiko imatikhudza.

Mozambique ndi Malawi ali limodzi m'bungwe la SADC, lomwe linayambira ku Lusaka mu 1980 ndi dzina loti SADCC. Koma dziko limatha kutuluka m'bungwe. Mu 1997 Mozambique anatuluka mu COMESA, bungwe la zamalonda lomwe Malawi ndi Zambia akadalimo mpaka lero. Nkhaniyi inagamulidwa ku Maputo. Kodi kuno ndi angati amene anaimva?

Anansi athu a ku Malawi amadziwa kuipa kosafunsa anthu. Mu 1953 atsamunda a ku Britain anaphatikiza Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri mu Chitaganya, eni nthaka akukana. Anthu sanaleke kukana, ndipo Chitaganya chinatha pa 31 Disembala 1963.

Koma kufunsa kokha sikukwanira. Mu 2016 anthu a ku Britain anafunsidwa ngati dziko lawo lituluke mu European Union. Pa anthu 100 alionse amene anavota, 52 anati lituluke, ndipo linatuluka mu 2020. Kenako ogulitsa nsomba ndi nyama ku Ulaya anayamba kudzaza mapepala ambiri kuti katundu wawo adutse pamalire.

Ife tikuti: boma likafuna kulowa kapena kutuluka m'bungwe, liyambe lafotokozera anthu m'chinenero chawo, pa wailesi ndi pamisonkhano ya m'midzi. Malamulo aakulu a dziko lathu amalola referendo, voti yomwe anthu amayankha inde kapena ayi pa nkhani yaikulu ya dziko.

Nafenso tili ndi udindo. Inu amayi ogulitsa mbatata ku Biriwiri, inu abambo olima fodya ku Furancungo, musafulumire kuwomba m'manja. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Funsani mfumu, funsani phungu: kodi msonkho wa pamalire ukwera? Kodi feteleza adzagulidwa bwanji? Kodi tidzapita kumaliro tsidya linalo popanda vuto? Mukamva mayankho, pamenepo nenani maganizo anu.