Mfuti Siidziwa Malire

Kanakantapa ali kutali ndi malire a dziko, ndipo mlimi wa kumeneko angayese kuti nkhani ya mfuti zolowa mozemba ndi ya anthu a ku Luangwa ndi ku Chadiza okha. Koma mseu waukulu wopyola pa Chongwe ndi womwewo umene ufika ku Katete, kumene ipatukira njira ya ku Chanida pa malire a Mozambique. Galimoto yonyamula cimanga kapena makala ingathenso kubisa mfuti pansi pa matumba.

Pamene nkhondo ya ku Mozambique inatha m'caka ca 1992, mfuti zambirimbiri za AK-47 zinatsala m'manja mwa anthu, ndipo zina zinakwiriridwa m'thengo. Zambiri zinagulitsidwa pa mtengo wocepa nkuoloka malire, kufikira zinagwa m'manja mwa acifwamba, akuba ng'ombe ndi opha njobvu. Mfuti yotere siikalamba msanga. Ikhoza kugona pansi zaka zambiri nkudzaphabe munthu.

Kale wakuba akangooloka mtsinje, apolisi omlondola anali kubwerera pa gombe, pakuti mphamvu yao ithera pa malire. Cifukwa ca ici, akulu a apolisi a maiko a kumwera kwa Africa, pamodzi ndi Zambia, anakumana ku Victoria Falls m'caka ca 1995 nakhazikitsa bungwe la SARPCCO. Caka comweco apolisi a South Africa ndi a Mozambique anayamba nchito yochedwa Operation Rachel, yofukula mfuti zobisika ndi kuziphwanyira pomwepo. Anthu a m'midzi ndiwo anali kuwalozera malo ambiri.

M'caka ca 2001 atsogoleri a SADC anasaina pangano la mfuti mu mzinda wa Blantyre, ndipo linayamba kugwira nchito mu 2004. Panganolo lifuna kuti mfuti iliyonse ikhale ndi cizindikiro ndi nambala yolembedwa m'kaundula, kuti apolisi aziuzana zimene adziwa, ndiponso kuti mfuti zolandidwa zizionongedwa. Tero mfuti ikagwidwa ku Chongwe, nambala yake ingatumizidwe kwa apolisi a ku Tete kapena ku Lilongwe, ndipo njira imene inadzera idziwike.

Komabe cala cimodzi siciswa nsabwe. Wapolisi sangadziwe cimene cabisika m'nkhokwe ngati eni mudzi ali cete. Munthu wosungira mlendo mfuti, poyembekeza kandalama, aika pangozi khola la mnansi wake ndi ana ake omwe, ndipo lamulo la Zambia limlanga pokhala ndi mfuti yopanda laisensi.

Njira yoturukira ilipo. M'caka ca 2017 bungwe la African Union linapatula mwezi wa September kuti ukhale wobweza mfuti zosaloledwa popanda kumangidwa. Wofuna kutero ayambe wauza a nyakwawa kapena apolisi a pa Chongwe. Ndipo wopeza mfuti kapena zipolopolo m'munda asazigwire konse, koma akanene tsiku lomwelo.