Chinangwa chathu chisatsamire pa mzati umodzi

Mwezi wathawu ndidapita kumudzi ku Nkhotakota kukazonda agogo anga, ndipo m'mawa mwake ndidawaperekeza kumunda kukakumba chinangwa choti aviike. Mitengo idali yooneka bwino ndithu, koma agogo atadula muzu woyamba, m'kati mudali mawanga ofiirira, ouma ngati nkhuni yofumbwa. Wachiwiri chimodzimodzi, wachitatu chimodzimodzi. Dengu lomwe limayenera kudzaza silidafike ndi theka lomwe. Agogo adandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Iwe wa sukulu, tandiuza, chinangwachi chadyedwa ndi chiyani?" Ine sukulu ya ku yunivesite ndidaisiyira panjira ndipo digiri ndilibe, choncho ndidangoti kukamwa yasa. Koma funso lija lidandisowetsa tulo mpaka ndidayamba kufufuza, ndipo zomwe ndapeza ndaona kuti n'zofunika kuti a Malawi anzanga, makamaka ife a m'tauni, tizidziwe.

Ife a m'tauni chinangwa timachiona ngati chomwera tiyi buledi akakwera mtengo. Koma ku Nkhotakota, ku Nkhata Bay, ku Karonga ndi m'mbali monse mwa nyanja, kondowole ndiye nsima, chigwada ndiye ndiwo, ndipo makaka ndiye nkhokwe. Akuluakulu a ku Nkhata Bay sadaiwale njala ya m'zaka za m'ma 1980 pamene kodikodi adasakaza minda. Ndipo m'mwezi wa Malichi 2024, boma litalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba, tonse tidakumbuka kuti chimanga chikapserera, chinangwa chimakhala chilipobe pansi kudikira khasu. Tsono mbewu yotere ikadwala, si nkhani ya alimi okha ayi.

Matenda aakulu a chinangwa alipo awiri ndipo onse amayamba ndi mavairasi. Oyamba ndi khate la chinangwa, lija limakwinyitsa masamba n'kuwachititsa mawanga achikasu, mtengo n'kupinimbira. Azungu adawalemba koyamba m'chaka cha 1894 m'dziko lomwe lero ndi Tanzania. Achiwiri ndi aja adagwira munda wa agogo, oolesa mizu m'kati, omwe katswiri wina dzina lake H. H. Storey adawafotokoza m'chaka cha 1936 ku Amani, ku Tanzania komweko. Onse awiri amafala ndi tintchentche toyera tokhala kunsi kwa masamba, koma wofalitsa wamkulu ndife anthu. Chinangwa sitibzala njere, timabzala timitengo todula ku mtengo wakale. Mtengo wa mayi ukakhala ndi vairasi, ana ake onse amabadwa nayo, ndipo mlimi akapatsa mnzake mbewu mwaulere ndi mtima wabwino, wamupatsanso matenda. Mankhwala opopera ochiza vairasi kulibe. Chotsala n'kupeza chinangwa chomwe mwachibadwa chake chimapirira matendawa.

Chibadwa cha chomera chilichonse chidalembedwa mu DNA, m'timagawo totchedwa majini, ndipo m'chinangwa majiniwa adasanjidwa m'timitolo totchedwa chromosome, tokwana 36, tokhala tiwiritiwiri. Ntchito ya akatswiri okwatitsa mbewu ndiyo kufuna jini yothandiza n'kuilowetsa mu mtundu womwe alimi amaukonda. Ku Amani, kuyambira m'zaka za m'ma 1930, Storey ndi anzake adayamba kukwatitsa chinangwa ndi msuwani wake wa m'tchire wochokera ku Brazil, Manihot glaziovii, mtengo womwe kwathu kuno timautcha mpira. Ana oyamba adali opirira koma mizu yake yosadyeka, choncho adawakwatitsanso ndi chinangwa mobwerezabwereza kwa zaka zambiri. Inu akuluakulu amene mudakhalako ku Tanzania musanabwerere kumudzi, mwina muhogo womwe munkadya kumeneko udali mdzukulu wa ntchito imeneyi. Njere za ku Amani zidafika ku Nigeria, ndipo bungwe la IITA, lomwe lidakhazikitsidwa ku Ibadan m'chaka cha 1967, lidazigwiritsa ntchito pansi pa S. K. Hahn kutulutsa mitundu yotchedwa TMS. Kupirira kumeneku akatswiri amakutcha CMD1. Kumachokera ku majini ambiri ogwirira ntchito pamodzi, ndipo n'kovuta kukusamutsa chifukwa mwana amayenera kulandira majiniwo kuchokera kwa makolo onse awiri.

Phindu la ntchito ya ku Amani lidaoneka patapita zaka makumi asanu. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ku Uganda kudabuka khate loopsa lomwe lidabadwa pamene mavairasi awiri adasinthana zidutswa za DNA. M'zaka za m'ma 1990 alimi a m'maboma ambiri kumeneko adasiyiratu kulima chinangwa, ndipo mliriwo udalowa ku Kenya ndi ku Tanzania. Chomwe chidabwezeretsa minda idali mitundu yopirira ija. Amene adayamba ntchitoyi sadaone zipatso zake, koma anthu adadya.

Kenaka padapezeka njira yachidule. M'minda ya alimi wamba a ku West Africa mudali mitundu ya makolo, monga womwe akatswiri adautcha TME 3, yomwe khate limaikanika. M'chaka cha 2002 kudalengezedwa kuti mphamvu imeneyi ikuchokera ku jini imodzi yokha, yomwe adaitcha CMD2, ndipo pambuyo pake idapezeka pa chromosome ya nambala 12. Jini imeneyi ndi yaliuma: ngakhale ichokere kwa kholo limodzi lokha imagwirabe ntchito, kotero kuti mukakwatitsa mtengo woinyamula ndi wina wopanda, pafupifupi theka la ana amakhala opirira. N'zosadabwitsa kuti okwatitsa mbewu mu Africa, ku South America ndi ku Asia adaithamangira.

Koma m'chaka cha 2016 akatswiri adakumana ndi zodabwitsa. Atatenga chinangwa cha CMD2 n'kuchimeretsa mwatsopano m'mabotolo kuchokera ku timaselo tochepa, mbewu zomwe zidatuluka zidagwidwa khate ngati zopanda chitetezo chilichonse. Yankho lidabwera m'chaka cha 2022 kuchokera ku gulu la ofufuza, ena a ku Donald Danforth Plant Science Center ku America ndi ena a ku ETH Zurich ku Switzerland. Vairasi ya khate ndi mlendo wosauka, ilibe chida chokopera DNA yake, ndiye imabwereka cha chinangwa. Ofufuzawa adapeza kuti mitengo yopirira ili ndi kusintha kwakung'ono, kwa chilembo chimodzi, mu jini yotchedwa MePOLD1 yomwe imapanga gawo la chida chokoperacho. Adapezanso kuti m'mitundu ina ya makolo kusinthaku kuli m'maselo ena okha, ena alibe, choncho mbewu yomeretsedwa kuchokera ku maselo opanda kusinthaku imataya chitetezo.

Ndinene chilungamo: m'minda ya alimi, CMD2 yakhala ikugwira ntchito kwa zaka zambirimbiri, ndipo sindikuti tiitaye. Chomwe ndikunena n'chakuti chakudya cha anthu mamiliyoni chikatsamira pa chilembo chimodzi, munthu wanzeru sagona tulo. Mavairasi amasintha, ndipo Uganda ndi mboni. Makolo adati mutu umodzi susenza denga. Okwatitsa mbewu akudziwa zimenezi, n'chifukwa chake amayesetsa kuphatikiza CMD1 ndi CMD2 mu mtengo umodzi, koma ntchito yotere imafuna nthawi ndi ndalama.

Choopsa china n'chakuti CMD2 ilibe mphamvu pa matenda aja adagwira munda wa agogo. Mavairasi oolesa mizu ndi a mtundu wina, a RNA, ndipo amabwera ndi chida chawochawo chokopera. Kwa zaka zambiri matendawa ankapezeka m'malo otsika okha, m'mbali mwa nyanja ya mchere ndi kuno m'mbali mwa nyanja ya Malawi, komwe adalembedwa kale cha m'ma 1950. Koma m'chaka cha 2004 adabuka ku Uganda, kumtunda, ndipo adagwira kwambiri mitundu ina yomwe alimi adaikonda chifukwa chopirira khate, monga TME 204. Mitundu ya ku Tanzania monga Namikonga ndi Kiroba imalimbako, koma kulimba kwake kumachokera ku majini angapo. M'chaka cha 2019 ofufuza a ku Germany adalengeza kuti apeza mitundu yopirira kwambiri pakati pa chinangwa cha ku South America chosungidwa ndi bungwe la CIAT ku Colombia. Ndipo m'chaka cha 2021 dziko la Kenya lidavomereza chinangwa cholowetsedwa jini mu labotale kuti chipitirire kukayesedwa m'minda. Njira yotsirizayi ena amaiopa, ena amaikhulupirira, ndipo ine ndikuti ikambidwe poyera, m'Chichewa, m'Chitonga ndi m'Chitumbuka, alimi ali pomwepo.

Nanga ife tili pati? Akatswiri tili nawo, ku Chitedze, ku Mkondezi ndi ku Bvumbwe, ndipo adatulutsapo mitundu monga Sauti, Mkondezi ndi Silira. Koma kutulutsa mtundu umodzi kumatenga zaka zoyandikira 10, chifukwa chinangwa chimachita maluwa movuta ndipo mbewu iliyonse imayenera kukhala m'munda pafupifupi chaka isanaonetse khalidwe lake. Zaka 10 n'zisankho ziwiri. Kodi ndi wandale uti amene angaime pa nsanja n'kulonjeza jini? Kuyambira m'chaka cha 2005 gawo lalikulu la ndalama za ulimi lakhala likupita ku feteleza wotsika mtengo wa chimanga, chifukwa thumba la feteleza limaoneka ndi maso ndipo limaomberedwa m'manja. Sindikuti feteleza ndi woipa. Ndikufunsa kuti, kodi mbewu yomwe imatipulumutsa chimanga chikakanika ilibe gawo?

Tsono pempho langa kwa aphungu athu a ku Nyumba ya Malamulo ndi ili. Pokambirana za bajeti, afunse kuti ndi ndalama zingati zikupita ku kafukufuku wa chinangwa, ndipo yankho lake lilembedwe m'nyuzi anthu awerenge. Boma lililonse lolima chinangwa likhale ndi minda yochulukitsira mbewu yoyezedwa kuti ilibe vairasi, pafupi ndi alimi, chifukwa jini yabwino yokhala pa siteshoni ya kafukufuku siphika nsima. Mabungwe ogawa mbewu nthawi ya njala asamangogula timitengo paliponse n'kutikweza pa lole, poti kutero n'kugawa matenda. Ndipo mitundu ya makolo monga Mbundumali ndi Gomani isungidwe ngakhale ena aione yachikale. Tisaiwale kuti CMD2 idapezeka m'minda ya alimi osauka amene adasunga mbewu ya makolo awo osadziwa kuti akusungira dziko lonse.

Agogo ndidawayankha sabata yatha pa lamya ya mwana wa malume. Ndidawauza kuti chinangwa chawo chili ndi vairasi, kuti asatengenso mbewu m'munda umenewo kapena kupatsako anzawo, ndipo kuti akafunse mlangizi komwe angapeze timitengo tosadwala. Adandimvetsera bwinobwino, kenaka adafunsa kuti, "Nanga mvula ikagwa ndisanatipeze, ndibzale chiyani?" Funso limenelo ine sindidathe kuliyankha, ndipo ndalitula pano kuti olamula ndalama za dziko lino aliyankhe mvula isanagwe.