Bho bho sakonza injini

Anzanga a kunyanja, ndabweranso. Amene mumadandaula kuti zolemba zanga zimatha bandulo, dumphani, palibe wakukakamizani. Koma lero ndiyankhula ndithu, chifukwa nkhaniyi yandikhala pakhosi kuyambira mwezi wa Julaye.

Ndiyambe ndi za dzulo. Kunabwera mnyamata wina ku shedi kwanga, Yamaha 15 ili paphewa, thukuta lili kamukamu. Dzuwa la Okutobala kuno ku Monkey Bay mukulidziwa, loti ngakhale mbuzi imasiya kudya n'kukabisala pansi pa boti. Iye anali atavala jekete lija lofufuma ngati matilesi, chipewa chaubweya mpaka m'makutu, masokosi aatali m'mapatapata. Ndinamufunsa kuti, aise, yatani injiniyi?

Akuti, "Aaa biggie, siili bho."

Ndinati chabwino, inayamba bwanji?

"Yangopanga zinazake basi."

Inatsokomola kaye kapena inangozima kamodzin'kamodzi?

"Ya, zangati zimenezo."

Nanga kumbuyoku imakodza?

"Mwina."

Mwina! Munthu wachezera usiku wonse dzanja lili pa injini, koma sakudziwa ngati imatulutsa madzi. Kwa inu amene simudziwa, injini ya boti imazizira ndi madzi a m'nyanja momwemo. Kumunsi kuli kampira kamapikomapiko, timati impela, kamene kamakoka madzi kuwakweza kumutu kwa injini. Kamkodzo kaja kakumbuyo ndi kamene kamakuuza kuti impela ili moyo. Kakangosiya, zimitsa pompo, apo ayi injini itentha, pisitoni igwira. Impela ndi kanthu kochepa. Koma pisitoni ndi malingi ake, chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wake umaliza munthu wa ndevu. Mawu awiri okha, "inasiya kukodza", akanandiwongolera msana. M'malo mwake ndinamasula kabuleta yabwinobwino, ndinasintha pulagi yopanda mlandu, mpaka dzuwa linapendeka ndisanapeze vuto. Ndiye pomulipiritsa, akuti ndamudula.

Bambo anga sukulu analekezera Sitandade 4. Koma akabwera kunyanja injini itavuta, amakuuza chonchi: "Mwana iwe, tinayenda bwino mpaka kudutsa chilumba. Ndikaipatsa moto imatsamwa, ndikaibweza imakhala bwino, ndipo petulo wa dzulo ndinagula wa m'chigubu cha eni." Basi. Ine ndisanagwire sipanala ndadziwa kale kuti mwina muli madzi mu petulo kapena jeti yatsekeka. Munthu wa Sitandade 4 akufotokoza ngati dokotala, iwe wa Fomu 3 uli ndi foni ya makamera atatu ukuti "siili bho".

Bho ameneyu watipha, amwene. Wadzuka bwanji? Bho. Amayi kuchipatala kuja ali bwanji? Ali bho. Usipa wafa bwanji lero? Bho. Ngongole yanga ija? Tipanga bho. Mawu amodzi akugwira ntchito ngati chitenje cha agogo, chofunda chomwecho, mbereko yomweyo, nkhata yomweyo. Moni wa pamsewu ndilibe naye vuto, nanenso ndimati bho bho tikakumana pa Msaka. Chimene chimandiwawa n'choti munthu ukamufunsa funso lofuna yankho, mkamwa mwake mulibe china chotsala.

Ndikudziwa ena muyamba kale kulemba kuti nanga iweyo pulagi, kabuleta, giya, ndi Chichewa chimenecho? Ayi si Chichewa. Koma tandiuzani, makolo athu akusema bwato ndi kupalasa ndi nkhafi, kabuleta akanaitcha chiyani? Chinthu chinabwera ndi dzina lake, tinachilandira ndi dzina lake lomwe. Zimenezo n'zosiyana ndi izi zoti "ndikupanga feel njala", "tinapanga decide", "ndakupanga miss". Kumva njala kunabwera pa Ilala? Kusowa munthu tinaitanitsa ku China? Mawu tili nawo, akulu akulu, okoma, koma tikuwasiya pamchenga n'kumatola a eni, kenaka n'kuwakoka ndi "kupanga" ngati boti lakufa injini.

Ndipo chondiseketsa, omwewa a "kupanga feel", mzungu akawaimitsa pa Chembe kufunsa njira ya ku Otter Point, Chingerezi chonse chija chimathawira m'matumba. Zimangotsala "yes yes" ndi kuloza ndi chala. Ine Chingerezi pa Fomu 4 sindinakhoze mochititsa kaso, sindibisa. Koma buku la injini ndimawerenga, ndipo ndikamayankhula ndi amayi anga ndimayankhula choti amve.

Kenaka pali abale athu a ku Joni. Apa ndiponde bwino, chifukwa malata ambiri amene akuwala ku Mangochi kuno ndi thukuta lawo, ndipo zimene amakumana nazo uko ife sitingazipirire sabata imodzi. Ulemu wanu. Koma achimwene, miyezi isanu ndi itatu yokha, mwabwera ndi "eish", "neh", "yebo", Chiyao chonse mwaiwala mpaka agogo anu akupatseni moni kawiri? Agogo anga aamuna anapita kumigodi ndi Wenela, anakhalako zaka. Anabwera ndi wailesi, bulangete ndi chifuwa. Mawu ena achilendo anabwera nawo, zoona, ngakhale "madala" amene timatchulayu ndi wochokera komweko. Koma pabwalo la milandu amayankhula mpaka anthu kugwedeza mitu. Lilime sanalisiye pa Beitbridge.

Poti ndatchula madala. Tsiku lina bambo anga atakhala pamthunzi akusoka ukonde, kamnyamata kena koti ndinakaona kakukwawa kanafika n'kunena kuti, "Madala, tapangani shift pang'ono." Bambo anangosuntha osayankha. Ine ndi amene magazi anawira. "Bambo, tandipatseniko njira" ndi mawu angati? Amadula ndalama zingati? Komanso za pamaliro izi. Munthu wataya mayi ake, walemba pa gulu, iwe ukuyankha "MHSRIP" ndi kankhope kolira, kenaka mphindi ziwiri watumiza kavidiyo ka TikTok. "Mzimu wawo uuse mumtendere" wakukanika kulemba, koma za Bullets ndi Wanderers umalemba ndime zisanu. Kale munthu amayenda wapansi kuchoka ku Malembo kukangokhala pansi pa siwa osanena kanthu. Ife zilembo zisanu ndi chimodzi, tathana nazo.

Tsopano za zovala. Ndinene poyamba kuti ine si wa gulu lija lofuna kuvula anthu. Dziko lino linakhalapo ndi lamulo, kuyambira 1973 mpaka 1993, loletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo amuna a tsitsi lalitali amawameta mokakamiza. Funsani makolo anu ngati akufuna masiku amenewo abwerere. Mu Januwale 2012 mavenda ena ku Lilongwe ndi ku Blantyre anavula amayi pamsewu chifukwa cha mathalauza. Chimenecho ndi chinyama, palibe chikhalidwe pamenepo. Nde achemwali, valani zanu, ine sindine wapolisi. Pempho langa ndi limodzi, mafuta oyeretsa khungu aja asiyeni. Dzuwa la kuno pa thandala la usipa silisewera ndi khungu losupuka, mapeto ake nkhope Fanta zala Coca-Cola. Ndipo olakwa enieni ndife anyamata, amene timangotamanda oyera ngati akuda si ana a anthu.

Ine mlandu wanga uli ndi amuna anzanga.

Jinzi yong'ambika m'mawondo, yogula ili yong'ambika kale, mtengo wake woposa yabwinobwino. Bambo wako amatha masiku atatu akutseka mabowo a chilimira, iwe ukukapereka ndalama ya usipa womwewo kugula mabowo. Majekete ofufumawa nawo, amene anawasoka anasokera anthu a kumene madzi amaundana. Afika kuno m'mabelo a kaunjika, mavenda akuwagulitsa motchipa nthawi yotentha poti palibe wanzeru angagule, ife ndiye tapezapo fashoni. Kutentha kukupyola madigiri 35, munthu ali mu jekete akudikira kabaza, fungo lake ngati nyambo ya kampango yogonetsa. Izi n'zoseketsa chabe, tikhoza kuzisiya. Koma kukhwefula ndi kumene kwandilembetsa zonsezi.

Julaye wapitayu ndinakonza Yamaha 40 ya bwana wina wa chilimira, ndipo anandipempha kuti ndipite nawo usiku umodzi ndikaimve ikugwira ntchito. Mwezi unali utalowa mumdima, nthawi yabwino ya usipa, koma mwera unali utayamba kale kuwomba masana. Pakati pa alovi panali mwana wa azakhali anga, wa zaka 17. Mwana wobadwira pamchenga, wosambira kuposa ine. Anakwera atavala jinzi yokhwefula, lamba ali pansi pa matako, jekete lofufuma, ndi nsapato zazikulu zija za zingwe. Za jekete ndingamumvetse, usiku wa Julaye panyanja kumazizira mpaka mano kugundana. Koma akuluakulu onse anali mu kabudula ndi juzi yakale, zoti ukagwa umavula ndi dzanja limodzi. M'botimo munali majekete awiri oyandamitsa. Ndinamuponyera limodzi. Akuti, "Ankolo, zimenezo zimachotsa swaga." Analikhalira.

Cha m'ma 2 koloko, siginala ali pabwato lake ndi nyali, ife tikuzungulira kutaya ukonde, funde linatimenya cham'mbali. Mwanayo anali ataima akukoka thalauza ndi dzanja limodzi monga mwa nthawi zonse. Sanagwire kanthu. Anapita.

Amene anamuona akugwa anali mnzake wa msinkhu womwewo. Mukudziwa zimene anakuwa? "Eish guys! Eish! Eish!" Ine ndili pa injini, mdima uli bii, mphepo ili m'makutu. Eish ndiye kuti chiyani? Ukonde wakodwa? Chingwe chaduka? Ndinayendabe masekondi angapo pulopela ikuzungulira, munthu ali m'madzi chapafupi pomwepo. Mpaka mkulu wina anakuwa kuti, "Munthu m'madzi! Kumanja! Zimitsa!" Ndinazimitsa. Amene munaonapo zimene pulopela imachita ndi mwendo wa munthu mukudziwa chifukwa chake manja anga amanjenjemerabe ndikakumbuka.

M'madzimo jinzi ija inatsikira m'mawondo n'kumumanga miyendo ngati mbuzi yopita kumsika. Jekete linamwa madzi, manja osatambasuka. Nsapato zosavulika. Ndipo nyanja yathuyi ilibe mchere, siinyamula munthu ngati ija ya ku Beira. Katswiri wosambira uja amangomenya madzi ndi zikhato, mutu ukulowa ndi kutuluka. Chimene chinamupulumutsa ndi siginala, bambo wachikulire amene anyamata omwewa amamuseka chifukwa cha kabudula wake wa zigamba. Anapalasa n'kumupatsa nkhafi, ife n'kumukokera m'boti ngati bombe. Anasanza madzi mpaka kucha. Usiku umenewo sitinaphe kanthu, petulo yense anapita pachabe, ndipo palibe anadandaula.

Popita kunyumba m'mawa ndinkangoganiza kuti zikanavuta, azakhali ndikanakawauza chiyani. Kuti mwana wanu wafa ndi mwera? Mwera wakhala ukuwomba chaka chilichonse kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, makolo athu akuwoloka nawo pa mabwato osema. Ndikanati wafa ndi lamba. Ndipo inu pa gulu mukanalemba MHSRIP.

Patatha masabata awiri ndinamuona pa msika, thalauza lili pomwe paja.

Ndinamufunsa tsiku lina kuti anditchulire mphepo za panyanja pano. Anatchula mwera, poti unamumwetsa madzi. Mpoto anachita kukumbutsidwa. Vuma sanamumvepo. Koma mayina a nsapato za oimba a ku Nigeria ndi ku America akhoza kukutchulira mpaka foni kuthima. Uyu ndi munthu woti mawa adzakhala pa injini, anthu khumi ali m'boti mwake, ndipo adzayenera kuyang'ana mitambo ya kuphiri n'kunena kuti tibwerere. Adzanena bwanji, poti dzina la chimene chikubweracho sakulidziwa? Adzati nyanja siili bho?

Ena muti ndakalamba msanga. Ayi, zaka 30 sindinafike, ndipo Loweruka nanenso ndimatchena, amene munandiona pa ukwati uja mukudziwa. Pamtunda khwefulani mpaka m'akakolo ngati mukufuna, matako ndi anu. Koma kuyambira lero ku shedi kwanga zinthu zikhala chonchi. Wobwera ndi injini andiuze inayamba bwanji, imalira bwanji, imakodza kapena ayi, ndipo oyilo anathira wochuluka bwanji pa malita angati a petulo. Woti "siili bho" ndimuwonjezera mtengo wa maola amene nditaye. Ndipo boti limene ine ndikukayesa injini, wokhwefula sakwera, kaya ndi mwana wa bwana, kaya ndi wa azakhali anga. Eni maboti ndi akomiti a pa doko, nanunso taganizirani zimenezi mwera wa chaka chamawa usanafike.

Tumizani kwa ena ngati mukufuna, koma musasinthe mawu anga ngati munachitira ulendo watha. Ndipo amene anabwereka sipanala yanga ya 10 Lachitatu lija akuti "ndikubweretsera pompano", lero ndi Lolemba.