Lamba akamangidwa ku Lilongwe, foni imalira ku Perth

Ambiri a inu munakula mukumva foni ya mayi kapena bambo ikulira pakati pa usiku. Kuno ku Perth tili patsogolo ndi maola asanu ndi limodzi, choncho wachibale akaweruka ku Lilongwe n'kuimba, ife timakhala titagona kale. Mumadziwanso zimene zimatsatira: kunong'onezana kukhitchini, kenako ndalama zatumizidwa. Ena mwa inu munatifunsapo mosabisa kuti, "Kodi amalume aja sagwira ntchito?" Funso limenelo si lamwano. Yankho lake ndi lakuti ambiri amagwira, koma malipiro awo anadyedwa ndi zigamulo zimene iwo sanafunsidwe.

Tiyambe ndi mwezi wa Novembala 2023. Banki yaikulu ya Malawi inagwetsa kwacha ndi 44 peresenti. Dola imodzi ya ku America imene inkagulidwa pa K1,180 inafika pa K1,700. Patangopita masiku ochepa, bungwe la IMF linavomereza ngongole ya madola 175 miliyoni yoti iperekedwe pang'onopang'ono kwa zaka zinayi. Pulezidenti Lazarus Chakwera anaimitsa maulendo akunja a akuluakulu a boma ndipo anadula pakati mafuta a galimoto zawo. Uthenga kwa anthu unali uja wakale: mangani malamba.

Ife a kuno, tinene zoona, tsiku limenelo ena tinamwetulira. Dola yathu inayamba kubala makwacha ambiri. Koma tawerengani kuchokera mbali ya mlonda wa ku Ndirande. Nthawi imeneyo malipiro otsikitsitsa ovomerezeka anali K50,000 pa mwezi. Dzulo lake ndalamayo inali pafupifupi madola 42 a ku America. M'mawa mwake inali madola 29. Kuno munthu wamkulu wolandira malipiro otsikitsitsa amapeza ndalama imeneyo pa maola awiri okha. Palibe bwana amene anamuitana mlondayo kuti amudule malipiro. Anangopeza kuti sopo, mafuta ophikira, feteleza ndi minibasi zakwera, chifukwa zambiri mwa izi zimadalira katundu wogulidwa kunja. Kumayambiriro kwa 2024 mitengo inali kukwera ndi 30 peresenti ndi kuposerapo pa chaka. Malipiro aja anakwezedwa kufika pa K90,000 mu Febuluwale 2024, koma msika unali utathamanga kale.

Sitikunena kuti boma likanangokhala chete. Madola anali atasowa m'mabanki, magalimoto ankagona pamzere wa mafuta, ndipo mtengo weniweni wa kwacha unkadziwika kwa mavenda a ndalama, osati ku banki. Ngongole ya boma ndi yeniyeni, ndipo chiwongoladzanja chake chimameza ndalama zimene zikanagula mankhwala. Ife ogwira ntchito za makompyuta timadziwa kuti makina akadzaza pamafunika kuchotsa zina. Koma timadziwanso kuti munthu amakhala pansi n'kusankha choti achotse. Ku Malawi chosankhidwacho chimakhala chomwechomwecho nthawi zonse.

Agogo anu anaziona mu 1981, pamene dziko linalandira ngongole yoyamba ya Banki ya Dziko Lonse yokonzanso chuma. Mu 1987 ADMARC inayamba kutseka misika ina ya kumidzi, alimi n'kutsala m'manja mwa ogula oyenda ndi sikelo zawozawo. Makampani a boma anagulitsidwa, kuphatikizapo fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre. Mu 2011 kunabwera bajeti ya Bingu wa Mutharika yodzidalira, yodzaza misonkho yatsopano, ndipo zionetsero za pa 20 Julaye zinatha ndi maliro a anthu 20. Mu 2012 Joyce Banda anagwetsanso kwacha, chaka chotsatira n'kumveka za Cashgate, mabiliyoni akutuluka ku Capital Hill kudzera m'makompyuta a boma omwe. Mu 2022 ADMARC yomwe ija inachotsa antchito ake zikwizikwi nthawi imodzi.

Chimene chimatipweteka kwambiri ndi ntchito zimene sizinabadwe n'komwe. Boma likauzidwa kuti lichepetse ndalama za malipiro, silichotsa nduna. Limangosiya kulemba anthu atsopano. Pafupifupi banja lililonse mwa ife lili ndi msuweni amene anamaliza maphunziro a uphunzitsi kapena unamwino, n'kukhala pakhomo zaka akudikira kuitanidwa, pamene kusukulu ya m'mudzi mwake mphunzitsi mmodzi akulimbana ndi ana oposa 100. Msuweni ameneyo ndi wa msinkhu wanu. Amagulitsa mayunitsi, amayendetsa kabaza, kapena akwera basi ya ku Joni. Mu Novembala 2023 womwewo, achinyamata oposa 200 anakwera ndege kupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel nkhondo ili mkati. Munthu sapita kotero ngati kwawo kuli pogwira.

Nanga ngongole ya IMF ija? Inatha yokha mu Meyi 2025, boma litalandirapo madola 35 miliyoni okha. Ululu wa kugwa kwa kwacha anthu anaumva wonse. Ndalama zolonjezedwazo zinafika gawo limodzi mwa magawo asanu.

Tsono bajeti ili ndi mbali ziwiri, zotuluka ndi zolowa. Ya zolowayo ndi imene ikukukhudzani inu a ku Perth mwapadera. Mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga unatsegulidwa mu 2009 ndi kampani ya mumzinda uno, Paladin. Mu 2015 bungwe la ActionAid linawerengera kuti Malawi inataya madola 43 miliyoni m'zaka zisanu ndi chimodzi chifukwa cha misonkho imene boma linakhululuka ndi njira zimene ndalama zinkatulukira m'dziko. Kampaniyo inatsutsa, koma ngakhale ActionAid sinanene kuti lamulo linaswedwa: boma lathu lomwe ndi limene linasaina. Lero mgodiwo uli m'manja mwa Lotus Resources, ya kuno. Sovereign Metals ya ku Kasiya ndi ya kuno. Lindian Resources ya ku Kangankunde, ku Balaka, ndi ya kunonso. Chaka chilichonse nduna za migodi za ku Africa zimabwera mumzinda uno ku msonkhano wa Africa Down Under, ulendo wa sitima imodzi kuchokera kumene ambiri timakhala.

Ife makolo anu tinaphunzira kutumiza ndalama mwakachetechete, ndipo sitisiya. Mwana wa mchemwali sangadikire kuti mfundo za chuma zikonzeke. Koma inu muli ndi zimene ife tinalibe titangofika. Ndinu nzika, mumavota, Chingerezi cha malipoti a makampani sichikuopsani, ndipo malipotiwo amaikidwa poyera pa webusaiti ya ASX. Ena mukuphunzira zamalamulo ndi zowerengera ndalama ku Curtin ndi ku UWA. Tsegulani lipoti limodzi, muone kuti Malawi ilandira zingati pa tani iliyonse, ndi kwa zaka zingati msonkho wakhululukidwa. Mukapeza, bwerani nazo ku msonkhano wathu wotsatira, tidzaziwerengere limodzi m'Chichewa, kenako tidzazitumize pa WhatsApp kwa amalume aja.