Nsembe Yokondweretsa Mulungu

Kalekale makolo a kwa Malenga Chanzi, mvula ikasowa, ankathira nsembe ya ufa ndi mowa patsinde pa mtengo. Aisraeli nawonso ankapereka nsembe pa guwa. Koma chilamulo cha Mose chinakaniza nkhosa yopunduka kapena yakhungu, pakuti Mulungu salandira chinthu chimene mwini wake wachinyoza kale.

Yesu atafa pa mtanda, nsembe za mwazi zinatha. Kodi tsono Mkhristu alibenso chopereka? Iyayi, ali nacho, ndicho moyo wake.

Chauncy Maples anachoka kwawo ku England m'chaka cha 1876, natumikira Mulungu mu Africa zaka 19. M'chaka cha 1895, atangodzozedwa kukhala bishopu, namondwe anagubuduza ngalawa yake pa ulendo wa ku Likoma, ndipo iye anamira m'nyanja. Manda ake ali ku Nkhotakota.

Si onse aitanidwa kuwoloka nyanja. Koma mwana amene apatsa nkhalamba chambo chachikulu, nadzisungira kakang'ono, wapereka nsembe yoona. Iye amene agawira mnzake usipa wovunda chifukwa wakhuta, sanapereke kanthu. Mphatso yosatayitsa mwini wake kanthu si nsembe ayi.